Mapisitoni abwera okhakhala kuchokera ku anodizing: cholakwa chili pati?

WaTorno_Moatize

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Pali mapisitoni 12 a bomba la madzi, osema pa torno (makina osemera chitsulo chikuzungulira) kuchokera ku aluminiyamu wa 6061-T6. Bowo lomwe amayendamo ndi 40.00 mm, ndipo mapisitoniwo anasemedwa pa 39.97 mm, kusalala kwake Ra 0.4 maikironi (Ra ndi muyeso wa kukhakhala, nambala ikakula ndiye kuti kukhakhala kwachuluka; maikironi imodzi ndi 0.001 mm). Anatumizidwa kukachitidwa hard anodizing (kuviika m'asidi wodutsitsamo magetsi kuti pamwamba pamere khungu lolimba) ya maikironi 50 kuti asamadyeke msanga. Abwera ali 40.01 mm, m'bowo sakulowa, ndipo makina oyezera akuonetsa Ra 1.3. Imodzi itayesedwa pa bowo lokulirapo, mphira wa O-ring unalukutika m'masiku ochepa chabe. M'katundu yemweyo munali zivundikiro zinayi za aluminiyamu wothira m'chikombole, ndipo izi zabwera zakuda mathothomathotho, zokhakhala ngati sandipepa.

Kodi anodizing siyenera kusalalitsa chitsulo? Cholakwa ndi cha wosema kapena cha woviika? Nanga mapisitoniwa angapulumuke?

Mbewe_waMatundo

Achimwene, choyamba chotsani m'mutu zoti anodizing imasalalitsa. Penti amadzaza timaenje chifukwa amachita kupakidwa pamwamba. Anodizing sipakidwa. Chitsulo chenichenicho chimasanduka khungu la okusaidi, magetsi akamadutsa m'thanki ya asidi wa sulfuric. Khungulo limatsata mzere uliwonse umene mpeni wa torno unasiya, ndipo pamene pali kachilema limakakulitsa. Pa anodizing wamba ya maikironi 5 mpaka 15 kusintha kwa Ra kumakhala kochepa ngati chitsulo sichinadyetsedwe soda wa caustic, amene oviika amayamba atsukira chitsulo asanachiike m'asidi. Pa hard anodizing ya maikironi 50, kuona Ra itawirikiza kawiri kapena katatu pa chitsulo chimene chinali chosalala kwambiri si chachilendo. Choncho kuchoka pa 0.4 kufika pa 0.8 kapena 1.0 munayenera kukuyembekezera. Chotsalacho, chimene chakufikitsani pa 1.3, ndikuchikayikira ku soda.

Taonani masamu anu omwe. Pa hard anodizing theka la khungu limalowa m'chitsulo, theka linalo limatukumukira kunja. Khungu la maikironi 50 ndiye kuti maikironi 25 kunja mbali iliyonse, kapena 0.05 mm pa dayamita. Pisitoni ya 39.97 ikanabwera ili 40.02. Yanu ili 40.01. Maikironi 10 akusowawo, asanu mbali iliyonse, mwina anadyedwa mu soda asanayambe anodizing, apo ayi khungulo silinafike pa 50. Chokuuzani zoona ndi kachipangizo koyezera kuchindikala kwa khungu kotchedwa eddy current gauge. Kakawerenga 48 mpaka 52, dziwani kuti ndi soda.

Soda wa caustic, uja m'masitolo a kuno amamulemba soda cáustica, amasungunulidwa pafupifupi magalamu 50 pa lita, madzi ake madigiri 50 mpaka 60. Akatentha choncho amadya chitsulo pafupifupi maikironi imodzi pa mphindi, nthawi zina kupitirira. Koma sadya mofanana paliponse. M'kati mwa 6061 muli timibulu ta chitsulo cha ayironi, silikoni ndi magineziyamu, ndipo soda amakumba mozungulira timibuluto n'kusiya timaenje tosawerengeka. Ndicho chimachititsa kuti mafelemu a mawindo aja mumawaona pa nyumba zatsopano ku Chingodzi akhale otuwa mosanyezimira. Kwa opanga mafelemu a aluminiyamu wa 6063 kumeneko ndi kufuna, chifukwa soda amabisa mizere imene chitsulo chimatuluka nayo pochikankha m'chikombole chake. Vuto ndi loti malo ambiri oviika anazolowera ntchito ya mawindo, ndiye chilichonse chofika popanda malangizo chimalowa mu soda mphindi zisanu kapena khumi. Ngati pa pulani yanu simunalembe kuti asadyetse soda, woviikayo wachita zimene amachita tsiku lililonse.

China ndi khungu lenilenilo pamene likukula. Hard anodizing imachitikira m'asidi wozizira, madigiri 0 mpaka 5, ndi magetsi ochuluka, ma ampeya 2.5 mpaka 3.5 pa desimita sikweya iliyonse (malo a 10 cm ndi 10 cm), ndipo ma volti amakwera pamene khungu likuchindikala. Timibulu tija sitisanduka okusaidi pa liwiro lofanana ndi aluminiyamu. Ta mkuwa timasungunuka n'kusiya mphako, ta silikoni timatsalira momwe tilili, khungu n'kumera motizungulira. Khungu likamachindikala, kusiyanaku kumaonekera kwambiri pamwamba. N'chifukwa chake mitundu ya aluminiyamu ya 5052 ndi 6061 imatuluka yosalalirapo kusiyana ndi 2024, imene ili ndi mkuwa woposa 4 peresenti ndipo imapsa msanga m'thanki.

Timabowo tija anthu amatinena kuti tili m'khungu la anodizing musatiimbe mlandu pa Ra. Kukula kwake ndi ma nanomita makumi ochepa, pamene nsonga ya singano ya makina oyezera ndi maikironi 2 kapena 5. Singanoyo imangodutsa pamwamba osatimva n'komwe.

Tsopano za mapisitoniwo. Musalole aliyense akuuzeni kuti achotse khungulo ayambirenso. Khungu likachoka limapita ndi maikironi 25 a chitsulo chimene chinasanduka okusaidi mbali iliyonse, mutsala ndi pisitoni ya 39.91 mm yokhakhala kuposa poyamba. Njira ndi yopala. Kuchoka pa 40.01 kufika pa 39.97 ndi maikironi 20 mbali iliyonse, ndipo ngati khungu lilidi 50 mutsala ndi 30. Mpeni wa torno usayandikire, khungulo ndi lolimba pafupifupi 400 HV (muyeso wa kulimba wa Vickers) ndipo limathetheka m'malo modulika. Pangani mphete yopalira ya chitsulo cha cast iron kapena buraasi, yodula mbali imodzi kuti muzitha kuimanga pang'onopang'ono. Pakani phala la dayamondi la maikironi 15, pisitoni izizungulira pang'ono pa torno, mpheteyo mukuiyendetsa uku ndi uku ndi dzanja. Mukafika pa 39.98 tsukani bwinobwino ndi parafini, sinthani mphete, mumalize ndi phala la maikironi 6 kenaka 3. Yezani ndi maikiromita pafupipafupi, pisitoni itazizira. Kuona maso a nkhono n'kudekha, pamenepa mukathamanga mupyola khungu m'mphepete, ndipo pamene payera pasonyeza aluminiyamu palibenso chochita.

NaPhiri_Ulongue

A Mbewe afotokoza bwino za mapisitoni, ine ndiyankhe za zivundikiro.

Bambo, aluminiyamu wothira m'chikombole amaikamo silikoni wambiri mwadala kuti akasungunuka aziyenda bwino n'kudzaza ngodya zonse. Wa mtundu wa A356 ali ndi silikoni pafupifupi 7 peresenti. A380, uja amapangira zigoba za mainjini ang'onoang'ono, ali ndi silikoni 8 kapena 9 peresenti kuphatikiza mkuwa 3 mpaka 4. Ndipo ngati zivundikirozo zinathiridwa kwa amisiri athu osungunula zitsulo zakale, omwe amapanganso mapoto, ndiye kuti mwalowa mapisitoni a galimoto okhala ndi silikoni wofika 12 peresenti, zitini, mawaya, chilichonse chimene chinapezeka tsikulo. Silikoni sasungunuka mu soda ndiponso sasanduka okusaidi m'thanki. Soda akadya aluminiyamu, silikoni amatsala pamwamba ngati mwaye wakuda. Asidi wa nitric amene amatsukira mwaye pa 6061 sachotsa mwaye wa silikoni, pamafunika mankhwala a fluoride, ndipo amenewo ndi oopsa zedi, amalowa pakhungu la munthu mpaka kukafika ku mafupa. M'ofisina wamba asapezekemo.

Mathothomathothowo ali ndi gwero linanso. Chitsulo chothira mumchenga chimakhala ndi timphako ta mpweya m'kati. Mukasema, timphakoto timatseguka. Asidi amalowamo, kutsuka sikum'tulutsa yense, ndiye patapita masiku amatuluka pang'onopang'ono n'kusiya timawanga toyera ta ufa. Mukapukuta timabwereranso.

Ngati pa chivundikiro panawotchereredwa, yang'ananinso waya amene anagwiritsa ntchito. Waya wa 4043 uli ndi silikoni 5 peresenti, ndipo mzere wake umada bii ukatuluka mu anodizing. Wa 5356 umayandikira mtundu wa chitsulo chozungulira.

Maganizo anga, zivundikiro zotere musamazitumize ku anodizing. Chivundikiro sichikhulana ndi kanthu, chimangofuna chitetezo ku dzimbiri loyera lija. Penti wa epoxy kapena powder coating amagwira bwino pa chitsulo chokhakhala. Zimene zabwerazi zitsukeni ndi madzi ofunda kangapo, ziume padzuwa, mupake penti, kenaka pokhala gasiketi musemeponso pang'ono, 0.1 mm yakwana, kuti pakhale pathyathyathya. Mpeni wa carbide uyambire kunsi kwa khungu, usamakhule pamwamba pake chifukwa ubuntha nthawi yomweyo.

WaTorno_Moatize

Zikomo a Mbewe, zikomo mayi. Pa pulani panangolembedwa kuti hard anodizing 50, za soda sizinalembedwe. Ndifunsenso ziwiri. Ulendo wina pisitoni isemedwe motani ndipo pa pulani palembedwe chiyani? Komanso pali mnyamata wina pano akuti tikhoza kuchita tokha ndi asidi wa batire ndi chaja, m'malo molipira mayendedwe. Zingatheke?

Mbewe_waMatundo

Pa funso loyamba. Yambirani kumapeto n'kubwerera m'mbuyo. Mukufuna 39.97 ndi khungu la 50 mutapala kale. Pemphani khungu la 65, mudzapale 15 mbali iliyonse. Khungu la 65 litukumuka maikironi 32 kapena 33 kunja, kuchotsapo 15 opalawo patsala pafupifupi 17 mbali iliyonse, ndiye 0.035 mm pa dayamita. Semani pa 39.935. Muuze woviika achite imodzi yokha kaye, muiyeze, chifukwa lamulo la theka ndi theka limasuntha pang'ono malinga ndi thanki.

Kusalala koyambira kukhale kwabwino kuposa kumene mukufuna pomaliza. Pa torno, Ra imayandikira fidi (mtunda umene mpeni umasuntha chitsulo chikazungulira kamodzi) kuchulukitsa ndi fidi yemweyo, kugawa ndi 32 kuchulukitsa ndi rediyasi ya nsonga ya mpeni. Fidi ya 0.1 mm ndi nsonga ya 0.8 mm zimapereka pafupifupi 0.0004 mm, ndiye maikironi 0.4, ndipo ndikuganiza ndi zomwe munachita. Tsitsani fidi pa 0.07 mupeze pafupifupi 0.2. Mpeni ukhale wakuthwa, wopukutidwa, wa aluminiyamu. Wobuntha umapaka chitsulo m'malo modula, n'kuphimba timing'alu ndi kachikopa konyezimira. Ndi maso pamaoneka posalala, koma thanki imachotsa kachikopako zonse n'kuonekera poyera. Anthu ambiri amene amadandaula kuti anodizing yaononga katundu wawo akuona ntchito ya mpeni wawo womwe.

Ngodya zakuthwa zichotseni. Khungu limamera molunjika kuchoka pa nkhope iliyonse, ndiye pa ngodya pamatsala mpata, pamenepo pamathetheka n'kusanduka lumo lodula mphira. Malangizo a anodizing a asilikali a ku America, MIL-PRF-8625 (kale ankatchedwa MIL-A-8625), amati khungu la maikironi 25 lifuna rediyasi ya 0.8 mm, la 50 lifuna 1.6 mm. Pa pisitoni yaing'ono mwina simungafikepo, koma ngakhale 0.5 ndi yabwino kusiyana ndi ngodya yosaikhudza. Mazinga a bawuti aphimbidwe, chifukwa pa mazinga kutukumuka kumawerengedwa kanayi, bawuti sidzalowa.

Pa pulani lembani mtundu wa chitsulo, 6061-T6. Lembani kuchindikala ndi malire ake, monga 65 kuphatikiza kapena kuchotsa 5. Lembani kuti asadyetse soda, angochotsa mafuta ndi mankhwala osadya chitsulo. Sonyezani malo oti agwirepo waya wa magetsi, chifukwa pogwirapo sipamera khungu, ndipo simukufuna pakhale poyenda mphira. Ndiponso nenani ngati muyeso ndi Ra zolembedwazo ndi za chitsulo chisanaviikidwe kapena chitaviikidwa. Mikangano yambiri imayambira pa mzere umenewu.

Asananyamuke, katunduyo akhale wouma, wopanda madzi oziziritsira mpeni, wokutidwa chimodzichimodzi m'pepala. Thukuta la m'manja lili ndi mchere, ndipo ndi kutentha kwa kuno chala chimodzi chikasiyidwa pa chitsulo masabata awiri chimadya timaenje toti sitioneka mpaka chitatuluka m'thanki. Burashi ya waya wa chitsulo, kapena sandipepa amene anapalapo chitsulo wamba, zimasiya tizidutswa ta ayironi timene timabweretsa timaenje tomwetomweto.

Za mnyamata wanuyo, hard anodizing iwalani. Asidi ayenera kukhala pansi pa madigiri 5 kwa ola lathunthu pamene magetsi akumutenthetsa, ndipo ma volti amakwera kupitirira 40. Chaja ya batire sifika kumeneko.

Fundi_waSongo

Ndivomereza zambiri, koma pa ziwiri ndisiyana pang'ono ndi akulu anga a Mbewe.

Choyamba, tisamangoyang'ana Ra. Ra ndi avereji ya zitunda ndi zigwa, sikuuzani ngati chokhakhalacho ndi nsonga zotuluka kapena maenje olowa. Mphira umadyedwa ndi nsonga. Pisitoni yopalidwa ikhoza kuwerenga Ra 0.4 chifukwa cha maenje otsalira, koma pamwamba pake pali pathyathyathya, ndipo timaenjeto timasunga girisi. Yotereyo imasunga mphira kuposa ina yowerenga 0.4 yomweyo yosapalidwa. Choncho achimwene, popala musalimbane ndi kufafaniza kadontho kalikonse, mungamalize khungu pachabe. Werenganinso Rz (utali wochoka pansi pa zigwa kufika pamwamba pa zitunda), ndipo ngati makina anu ali ndi Rmr (gawo la pamwamba limene limakhudzadi chokhulana nacho), yang'anani imeneyo. Poyeza, singano idutse mopingasa mizere ya torno, kutanthauza motsata utali wa pisitoni. Cut-off (utali wa chigawo chimodzi chimene makina amawerengera) ikhale 0.8 mm, utali woyeza 4 mm, malo atatu osiyana pa pisitoni iliyonse, ndipo makina akhale omwewo poyeza isanapite ndi itabwera. Tsukani kaye musanayeze. Khungu lotsekedwa timabowo take m'madzi owira limakhala ndi kaufa pamwamba kamene kamakweza nambala, koma kamachoka ndi nsalu yonyowa. Tizitsulo toyerekezera ndi chikhadabo tija timanamiza pa anodizing, chifukwa kutuwa kumapangitsa munthu kuganiza kuti ndi pokhakhala kwambiri.

Kutseka timabowoko nakonso ganizirani. Amawiritsa katundu m'madzi oyera a madigiri 96 mpaka 100, mphindi ziwiri kapena zitatu pa maikironi iliyonse, khungu limamwa madzi n'kutupa, timabowo n'kutsekeka. Zimateteza ku dzimbiri, koma zimafewetsa pamwamba, ndipo khungu lochindikala likatenthedwa choncho limachita timing'alu ngati ukonde wa kangaude, poti aluminiyamu amafutukuka ndi kutentha pafupifupi kanayi kapena kasanu kuposa okusaidi. Pa chinthu chokhulana ambiri satseka. Koma izi ndi za bomba la madzi, ndiye pali kusankha. Ngati madzi ake ndi a mjigo wa mchere, tsekani. Ngati ndi a mu Zambezi kapena Revúbuè nyengo ya mvula, mdani wamkulu ndi mchenga, ndipo maikironi 30 otsala pa mapisitoni opalidwawo sakhalitsa popanda sefa kutsogolo kwa bomba. PTFE (pulasitiki woterera uja wa Teflon) imene ena amathira pa khungu imachepetsa kukhulana, koma Ra siitsitsa.

Chachiwiri, mnyamatayo musam'gwetse ulesi kotheratu. Hard anodizing ayi, koma anodizing wamba ya tizinthu tating'ono, mabulaketi ndi zogwirira, imatheka. Asidi wa batire watsopano, wosalowapo m'batire, wolemera makilogalamu 1.28 pa lita, ali ndi magalamu pafupifupi 470 pa lita. Gawo limodzi la asidi pa gawo limodzi ndi theka la madzi a distilled limapereka pafupifupi magalamu 190 pa lita, pomwe pamafunika. Asidi ndiye amathiridwa m'madzi, pang'onopang'ono, osati madzi mu asidi. Magalasi m'maso, magolovesi m'manja, ntchito ichitikire panja. Mbale ya negetivu ikhale ya mtovu kapena aluminiyamu, waya wopachikira akhale wa aluminiyamu kapena titaniyamu womanga zolimba, mkuwa usakhudze asidi. Magetsi ma ampeya 1.5 pa desimita sikweya, zomwe zimafuna ma volti 15 mpaka 18. Kuchindikala mu maikironi ndi pafupifupi 0.3 kuchulukitsa ma ampeya pa desimita sikweya kuchulukitsa mphindi, ndiye theka la ola lipereka 13 kapena 14.

Chomwe chimagonjetsa anthu m'chigwa muno ndi kutentha. Thanki iyenera kukhala pa madigiri 18 mpaka 21. Ikapitirira 24 asidi amasungunula pamwamba pa khungu mofulumira, timabowo timakula kukamwa mpaka makoma ake kugwa, ndipo chotuluka ndi khungu lofewa, lokhakhala, losiya ufa woyera pa chala. Mu Okutobala ndi Novembala ku Tete ndi ku Moatize kunja kumapitirira madigiri 40, ndiye asidi amayamba ali wotentha kale. Onjezanipo magetsi: katundu wa ma desimita sikweya 10 amakoka ma ampeya 15, pa ma volti 16 ndi ma wati 240, okwanira kukweza malita 20 ndi madigiri pafupifupi 5 m'theka la ola. Chidebe cha asidi chikhale m'beseni lalikulu la madzi ndi ayezi, kapena muike mabotolo a pulasitiki a madzi oundana otseka bwino m'kati, ndipo asidi azitakasika ndi kapampu ka mpweya kuti kutentha kusaunjikane pa chitsulo. Pamene paunjikana kutentha magetsi amathamangira pomwepo, pamapsa, n'kusiya chipsera choyera chokumbika. Anzathu a ku Angónia ndi Tsangano mu Juni ndi Julayi ali ndi mwayi, m'mawa asidi amakhala pa mlingo wake popanda ayezi.

Madzi a mjigo kapena a pampopi asalowe m'thanki. Chloride akafika mamiligalamu 200 pa lita amaboola khungu pamene likumera, n'kusiya timaenje takuda tonga tobaya ndi singano. Potsuka komaliza ndi powiritsa pafunikanso madzi a distilled, apo ayi laimu wa m'madzi atsalira pamwamba ngati ufa.

NaPhiri_Ulongue

Ndiwonjezere kamodzi pa zopala zija. Yambani ndi pisitoni ija inayesedwa kale n'kudya mphira, imeneyo ikhale yophunzirira. Mukafika pa 39.97 muiyeze ndi eddy current gauge malo anayi kuzungulira ndi kumapeto konse kuwiri, chifukwa khungu silimera mofanana, kufupi ndi pogwira waya ndi m'mphepete limasiyana ndi pakati. Pakapezeka pamene patsika pansi pa 25, zotsalazo musazipale mpaka 39.97, ndi bwino kukulitsa bowo ndi hone (chipangizo cha miyala yopalira m'kati mwa bowo) maikironi 10 kapena 20 n'kusiya mapisitoni pa 39.99. M'ngalande ya O-ring mphete yopalira sifikamo. M'menemo pindani sandipepa wa silicon carbide wa 800 kenaka 1200 pa kachitsulo kopyapyala, monyowetsa ndi parafini, mungochotsa nsonga basi, ndipo mukamaliza mutsuke ndi burashi ya mano mpaka nsalu yoyera ituluke yopanda kuda musanaikemo mphira watsopano.